KONZERANI ANA POSEŴERERA KUSERI KWA NYUMBA

Tsiku lina dzuŵa litapendeka ndinaima pa Mbulumbuzi, m'mbali mwa msewu wa tala wochokera ku Limbe kunka ku Zomba, kudikira minibasi. Tsidya lina la msewu panali mayi akugulitsa tomato, khanda lili kumsana, ndipo mwana wake wina wa zaka ngati zinayi anali kukankha galimoto ya mawaya m'fumbi. Mwadzidzidzi gudumu limodzi la kagalimotoko linaguluka ndi kugubuduzikira pa tala. Mwanayo analitsatira osayang'ana kumanja kapena kumanzere. Lole imene inali kubwera inalira mabuleki mpaka tonse tinagwira kumutu. Mwana anapulumuka, koma mayi ake anangokhala pansi, chitenje chili kumaso, osatha ngakhale kumkalipira.

Gogo wina amene anali kugulitsa masamba pafupi anamgwira mayiyo papheŵa nati, "Amake mwana, musammenye. Kwanu kukanakhala kokoma sakanakutsatirani kuno."

Amayi anzanga, mawu a gogoyu ndiwo andilembetsa nkhani ino. Mwana amapita kumene kuli chomkoka. Mayi ali ndi manja aŵiri okha, ndipo manjawo ali pa mphika, pa khasu, pa zochapa kapena pa malonda. Sangathamangitse mwana tsiku lonse. Chimene angathe ndi kukonza malo pakhomo amene mwana adzawakonda koposa msewu, dambo ndi dzala. Mulu wa mchenga woyera ndi katungwe wolimba ndi zokwanira kuyambira, ndipo sizilira ndalama zambiri.

KUSEŴERA NDIYO NTCHITO YA MWANA

Makolo athu sanali kuona kuseŵera ngati kutaya nthaŵi. Pakutha pa kukolola ana ankamanga timisasa ta mapesi ndi kuchita masanje, ndipo mtsikana ankaphunzira kuvundula nsima m'kamphika mayi ake asanamuike pa mafuwa enieni. Anyamata ankaumba ng'ombe za dothi ndi kukwapula nguli, atsikana ankachita phada ndi fulaye, ndipo pa mtengo wa mango wa pabwalo sipankasoŵa katungwe wa luzi. Malo analipo ambiri, ndipo maso a mudzi wonse anali pa mwana aliyense.

Lero zinthu zinasintha. Boma la Chiradzulu ndi limodzi mwa maboma othithikana kwambiri m'Malaŵi: kalembera wa 2018 anapezamo anthu oposa 350,000. Pamene panali bwalo tsopano pali mizere ya chimanga kapena nyumba ya mwana wamkazi amene wakwatiwa. M'mphepete mwa midzi muli maenje a njerwa amene amadzaza madzi nthaŵi ya dzinja. Tinjira ta m'mudzi timene kale tinkadutsa anthu ndi mbuzi zokha, lero mukuthamanga njinga zamoto za kabaza. Mwana sanasinthe, amafunabe kuthamanga, kukumba ndi kukwera, koma pochitira zimenezi pachepa.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linatulutsa malangizo m'chaka cha 2019 onena kuti mwana wa chaka chimodzi kufikira zaka zinayi ayenera kumatakataka ndi thupi lake kwa maola osachepera atatu pa tsiku, ndi kuti mwana wa chaka chimodzi asamapatsidwe foni kapena kukhazikidwa pa kanema. Pangano la maiko la ufulu wa ana la m'chaka cha 1989, limene dziko lathu linavomereza mu 1991, likunena m'ndime 31 kuti mwana ali ndi ufulu wopuma ndi woseŵera.

Ngakhale ku Ulaya nzeru ya mchenga inayamba mwa kuona chimene ana amakonda kale. Mphunzitsi wa ku Germany, Friedrich Froebel, amene mu 1840 anatcha sukulu yake ya ana aang'ono kuti Kindergarten, kutanthauza munda wa ana, ankaphunzitsa kuti mwana amaphunzira ndi manja ake. Pambuyo pake mu mzinda wa Berlin anayamba kuthira milu ya mchenga m'mapaki, ndipo m'zaka za m'ma 1880 dokotala wina wamkazi, Marie Zakrzewska, ataona zimenezi anatumiza mawu ku Boston, m'dziko la America, kumene anathira mchenga wa ana a m'makomboni kuti achoke m'misewu. Vuto lawo linali lomwe lija ndinaliona pa Mbulumbuzi.

Kuno kwathu boma linakhazikitsa ndondomeko ya maleredwe a ana aang'ono mu 2003, ndipo m'midzi yambiri muli sukulu za mmera mpoyamba. Zimenezi nzabwino, koma kaŵirikaŵiri ana amaŵerukako dzuŵa lisanapendeke. Maola otsalawo ali m'manja mwa mayi.

KUSANKHA MALO

Musanagwire khasu, khalani pamene mumakhala nthaŵi zambiri, kaya pakhomo la khitchini kaya pamene mumatsukira mbale, ndipo yang'anani. Malo oseŵerera akhale pamene maso anu akufika popanda kuimirira. Malo okongola amene abisika kuseri kwa nkhokwe alibe phindu.

Malowo atalikirane ndi zinthu izi: mafuwa, chitsime, chimbudzi, dzala ndi khola la ziŵeto. Ana ambiri amapsa ndi phulusa limene pamwamba lazizira koma m'kati muli moto, choncho dzala lotayako phulusa likhale mbali ina ya nyumba. Ngati pafupi pali dzenje la njerwa, likwirireni. Mwana wongoyamba kuyenda angathe kumira m'madzi osafika ndi m'mawondo momwe, ngakhale m'ndowa imene mwaviikamo zovala, ndipo amamira mwakachetechete, osalira.

Yang'ananinso zomera. Mpanda wa nkhadze ndi wabwino potchinga mbuzi, koma utomoni wake woyera uja ukaloŵa m'maso mwa mwana umaotcha koopsa. Mbewu za nsatsi nzokongola m'maso mwa mwana, koma akatafuna ndi poizoni. Zimenezi zichoke pafupi ndi poseŵerera. Ngati mufuna kutchinga, mangani mpanda waufupi wa nsungwi kapena wa udzu, khomo lake liyang'ane kunyumba, osati kumsewu.

Pakhale mthunzi wa masana, makamaka chifukwa cha dzuŵa la mu Okotobala limene limatenthetsa mchenga mpaka kuŵaula mapazi. Koma dzuŵa la m'maŵa lizifikapo kuti mchenga uziuma. Pomaliza, kumbukirani kumene madzi amadutsa mvula ikagwa. Tonse tikukumbukira mmene namondwe wa Freddy anagumulira nthaka m'boma lino m'mwezi wa Malichi 2023. Malo a ana asakhale m'njira ya madzi, m'munsi mwa chiphompho, kapena pafupi ndi khoma la zidina limene layamba ming'alu.

KUKONZA BOKOSI LA MCHENGA

Pimani malo a mita imodzi ndi theka m'litali, mita imodzi ndi theka m'lifupi. Malo otere amakwana ana atatu kapena anayi osaponderana nyumba zawo. Kumbani pang'ono, masentimita ngati 15, ndi kuchotsa mizu, miyala ndi zigoba za mabotolo. Pansi pake yalani timiyala, ndipo pamwamba pa timiyalato yalani masaka akale. Musaikepo simenti kapena pulasitiki yosaboola, chifukwa madzi a mvula adzasoŵa koloŵera ndipo bokosi lidzasanduka thamanda.

M'mbali mwake ikani njerwa zootcha mizere iŵiri, kapena mitengo yogoneka yosenda bwino. Ngodya zakuthwa za njerwa zikhuleni ndi mwala. Musagwiritse ntchito malata akale, matabwa okhala ndi misomali, kapena mitengo yopakidwa oyilo wakuda wa galimoto, pakuti ana amakhalira pomwepo ndi kudyera pomwepo.

Kuti mchenga uzame masentimita 25 m'bokosi lotere, pafunika ndowa 28 za malita 20. Kwa mayi mmodzi ndi ntchito yothyola khosi, koma amayi anayi atagaŵana ndi ndowa zisanu ndi ziŵiri aliyense, ntchito ya masiku aŵiri kapena atatu.

Mchenga wabwino ndi wa kumtsinje kapena wa m'khwaŵa, umene ukaufumbata uli wouma umathothoka m'zala osasiya matope. Fumbi la miyala ya kwale limene amisiri amamangira nyumba si la ana: limakanda khungu ndipo kulipuma kumawononga mapapo. Potapa mchenga, tapani pamene madzi anausiya poyera, kumtunda kwa pamene anthu amachapira ndi pamene ziŵeto zimamwera. Musakumbe kunsi kwa gombe, chifukwa gombe lofukulidwa limagumukira wokumbayo, ndiponso limakulitsa mtsinje kudya minda ya anzanu. Ndi ulemu kuyamba mwafunsa mwini dimba kapena a nyakwaŵa. Ana musawatume kukaloŵa m'madzi odikha kukatapa mchenga, pakuti m'madzi otere ndimo mumakhala nkhono zofalitsa likodzo.

Mukafika nawo pakhomo, sefani mchengawo pa sefa wa waya monga achitira amisiri omanga. Kenaka uthireni madzi mpaka otulukawo ayere, ndi kuuyanika pa masaka padzuŵa masiku angapo, mukuutembenuza monga muchitira ndi mphale.

Zoseŵeretsa musagule. Chipande chakale, chikho, makapu osweka zogwirira, botolo la pulasitiki lodula pakati, zitsononkho ndi timitengo ndi zokwanira. Zitini zakuthwa m'milomo zisaloŵemo. Mwana amene akuthira mchenga kuchoka m'kapu yaikulu kupita m'yaing'ono akuphunzira za kuchuluka ndi kuchepa asanaone bolodi. Amene akulemba ndi chala pa mchenga akukonzekeretsa dzanja lake kugwira pensulo. Mukakhala ndi mpata, mlembereni chilembo choyamba cha dzina lake pomwepo, iye atsatire.

MCHENGA WOSASAMALIDWA NDI NYUMBA YA MATENDA

Apa ndipo pagona nkhani, amayi. Chimene mwana amakonda pa mchenga, mphaka ndi galu amachikondanso. Mphaka akapeza mchenga wofeŵa amauyesa chimbudzi chake ndipo amakwirira bwinobwino, inu osadziŵa. M'ndowe za agalu ndi amphaka mumakhala mazira a nyongolotsi. Zina zimaloŵera pakamwa mwana akadya ndi manja akuda, zina zimaboola khungu ndi kumayenda kunsi kwake. Mukaona kamzere kofiira kokhotakhota, koyabwa kwambiri, paphazi kapena pamatako pa mwana, musatemerepo mankhwala, pitani naye kuchipatala.

Matekenya nawonso amakonda mchenga wouma wa pamthunzi, makamaka pamene pamagona agalu ndi nkhumba. Kautitiri kake kamaloŵa m'zala za kumapazi ndi kutupa momwemo. Mwana wogwidwa matekenya amayenda motsimphina ndipo anzake amamseka.

Chitetezo chake nchapafupi. Lukani chivundikiro cha nsungwi kapena cha bango chonga chitseko, chopepuka kuti inu muzichinyamula nokha, ndipo muzivundikira bokosi madzulo alionse ndi nthaŵi iliyonse imene ana achokapo. M'maŵa, musanalole mwana kuloŵamo, palasani mchenga ndi kamtengo kuona ngati mulibe chinkhanira, minga kapena zonyansa. Muziwaza madzi pang'ono kuti mchenga ukhale wachinyontho: matekenya sakonda chinyezi, fumbi limachepa, ndipo nyumba za ana zimaumbika bwino. Kamodzi pa mlungu utembenuzeni wonse ndi fosholo kuti wapansi uone dzuŵa. Mvula ikatha chaka chilichonse, chotsani wakale ndi kuthira watsopano. Mwana akachitiramo chimbudzi, musangokwirira. Tapani mchenga wonse wozungulira ndi kukautaya m'chimbudzi, chifukwa njoka za m'mimba zimene zimayamwa magazi a ana zimafala ndi chimbudzi cha munthu chogwera pa dothi.

Pafupi ndi poseŵerera imikani mpondagiya ndi kachidutswa ka sopo, ndipo likhale lamulo kuti wochoka pa mchenga asambe m'manja asanagwire chakudya. Posambitsa mwana madzulo, yang'anani pakati pa zala za kumapazi. Alangizi a zaumoyo akalengeza za mankhwala a njoka za m'mimba kusikelo, musaphonye. Khanda lokwaŵa, limene chilichonse limaponya m'kamwa, liziloŵa m'bokosi pokhapokha wamkulu ali pambali pake.

KUMANGA KATUNGWE

Ngati pakhomo pali mtengo wa mango wokhwima, theka la ntchito latha. Sankhani nthambi yamoyo yopingasa, yonenepa ngati ntchafu ya munthu wamkulu, yopanda mphako, chiswe kapena bowa. Papaya sayesedwa nkomwe. Nthambi za peyala zimathyoka msanga, ndipo bulugamu amagwetsa nthambi mosachenjeza. Pamene chingwe chidzakoleke kulungani kachidutswa ka tayala kuti chingwe chisadye khungwa ndipo khungwa lisadye chingwe.

Ngati mtengo palibe, imikani nsanamira ziŵiri zolimba ndi mtanda pamwamba. Ŵaulani matsinde ake pamoto kuti chiswe chichedwe kuwadya, akwirireni mozama masentimita osachepera 75, ndi kutsendera ndi miyala, kapena ndi simenti ngati mungathe. Nsanamira iliyonse ikhale ndi mchirikizo kutsogolo ndi kumbuyo, chifukwa katungwe amakoka mtengo uku ndi uku tsiku lonse. Kwa ana aang'ono mtanda usapitirire mamita aŵiri kuchoka pansi.

Chingwe chikhale chonenepa ngati chala chachikulu cha bambo. Cha khonje chimagwirika bwino m'manja koma chimaola ndi mvula, pamene cha nayiloni chimapirira mvula koma dzuŵa limachifumbutsa pang'onopang'ono. Chilichonse mwa ziŵirizi chimafuna kuyang'anidwa mlungu ndi mlungu. Pasatsale chingwe cholendeŵera kapena chokhala ngati khwekhwe, poti mwana angaloŵetsemo khosi.

Pokhalira pabwino ndi tayala lakale la galimoto yaing'ono, chifukwa likagunda mwana pamutu silipweteka ngati thabwa. Litsukeni ndi sopo, pitani ndi dzanja mozungulira kuona ngati palibe mawaya otuluka, ndipo liboleni kunsi malo anayi kapena asanu kuti madzi a mvula asaimemo ndi kuswa udzudzu. Mukasankha thabwa, likhale lopala bwino ndi losakhala ndi ngodya zakuthwa. Pokhalirapo patsike kotero kuti mwana wamng'ono pa onse akakhala, mapazi ake agunde pansi.

Ana ambiri amene amavulala pa katungwe amavulala ndi pamene agwera. Dothi la pabwalo lotsendereka ndi lolimba ngati simenti. Choncho kumbani pansi pa katungwe masentimita 30 ndi kudzazamo mchenga kapena utuchi, ndipo muzibwezeramo, chifukwa mapazi a ana amaukankhira kumbali. Kutsogolo ndi kumbuyo kwa katungwe kukhale malo opanda kanthu otalika kaŵiri msinkhu wa mtanda. Ngati mtanda uli mamita aŵiri, siyani mamita anayi mbali iyi ndi anayi mbali inayo, opanda chitsa, mwala, thandala kapena chingwe choyanikapo zovala. Bokosi la mchenga likhale chammbali, kuti wamng'ono popita kukaseŵera asadutse m'njira ya katungwe.

Mwana asanakwerepo, akhalepo munthu wamkulu ndi kudzikankha mwamphamvu. Ngati katungwe walira kapena nsanamira yagwedezeka, ntchito sinathe. Malamulo ake ndi anayi okha, ndipo ana awaloŵeze: mmodzi pa nthaŵi imodzi, kukhala pansi osaimirira, kusadumpha katungwe ali m'mwamba, ndi kusadutsa kutsogolo kapena kumbuyo kwa mnzako. Kukachita mdima kapena kukayamba ziphaliŵali, kolekani katungwe pamwamba ndipo ana achoke pansi pa mtengo.

ABAMBO NDI ANANSI

Mwina bambo a kunyumba adzati, "Ife tinakula popanda zimenezi, bwanji tili moyo?" Musakangane nawo. Akumbutseni mwaulemu kuti iwo anakula bwalo likadalipo ndipo njinga zamoto kunalibe. Kenaka apempheni nzeru: "Abambo, kodi nthambi iyi ingapirire, kapena tiimike nsanamira?" Mwamuna amene wafunsidwa nzeru sachedwa kukatenga nkhwangwa. Kumene bambo ali kutali ku ntchito, malume a ana kapena mnyamata wamkulu wa pakhomo angagwire ntchitoyi tsiku limodzi Loŵeruka.

Akuluakulu anati katungwe amakoma nkukankhana. Kuno kwathu kumene ana aakazi a mayi mmodzi amamanga moyandikana, sikofunika kuti khomo lililonse likhale ndi bokosi lake. Makomo atatu kapena anayi angasankhe malo amodzi, kugaŵana ndowa za mchenga, ndi kugaŵananso masiku oyang'anira ana. Wopita kumsika Lachiŵiri adzayang'anira Lachitatu. Motero mayi wa malonda sadzakokanso ana onse kupita nawo m'mbali mwa msewu.

Koma gwirizanani zinthu zisanachitike. Ana oseŵera amagwa ndithu, ndipo tsiku lina wina adzasupuka bondo kapena kuthiridwa mchenga m'maso. Ngati simunakambirane kale, kabala kakang'ono kadzadanitsa pachibale. Panganani kuti woyang'anira tsiku limenelo ali ndi mphamvu yodzudzula mwana aliyense, kuti mwana akavulala mwini wake auzidwe msanga popanda kubisa, ndi kuti akagwa ndi mutu nkuyamba kusanza kapena kuodzera, athamangire naye kuchipatala osadikira kuti bambo abwere. Mchenga ukaloŵa m'maso, mwana asatikite. Tsukani ndi madzi oyera ambiri. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Chenjezo lina ndi ili: woyang'anira akhale munthu wamkulu. Mtsikana wa Sitandade 4 asajombe kusukulu chifukwa chakuti pakhomo pali katungwe ndi ana ofuna mlezi. Iyenso ndi mwana, ndipo akaŵeruka ali ndi gawo lake pa katungweyo monga mlongo wake. Agogo angathandize ndi maso ali pamphasa pamthunzi, malinga ngati pali wina wamiyendo pafupi.

Nthaŵi yabwino yogwira ntchitoyi ndi pamene chimanga chaloŵa m'nkhokwe, kuyambira mu Juni, madzi atatsika m'makhwaŵa ndipo mchenga uli poyera. Yambani ndi bokosi la mchenga, pakuti silifuna mmisiri. Katungwe abwere pambuyo, chingwe chabwino chikapezeka, chifukwa chingwe chakale chomangira mbuzi si choikapo mwana. Tsono mmera mpoyamba, amayi. Itanani achemwali anu ndi apongozi anu mlungu uno, muyende nawo kuseri kwa nyumba, muloze malo, ndipo mupangane tsiku lokatapa ndowa zoyamba.